Katondo, mchenga kapena dimba: kusankha ndi kukonza nthaka ya chamba chovomerezeka ku Lilongwe

Chikhazikitsireni lamulo la mu 2020 lolola kulima chamba cha mafakitale ndi cha mankhwala, magulu a alimi ambiri kuno ku Lilongwe akhala akuthamangira chiphaso ndi mbewu, nkhani ya nthaka n'kuisiyira kumapeto. Chiphaso n'chofunikadi. Chimaperekedwa ndi bungwe la Cannabis Regulatory Authority, ndipo wolima popanda chiphasocho akuphwanya lamulo, ngakhale munda wake utakongola bwanji. Zonse zili m'munsimu ndi za mlimi amene ali nacho kapena akuchikonzekera. Koma chiphaso chikafika m'manja mu Novembala, munda uli chikhalire, chaka chimenecho mwachiphonya kale.

Chifukwa chake chili pa dzuwa. Chamba chimayamba maluwa usiku ukatalika, ndipo kuno usana sutalika kwenikweni: mu Disembala umafika maola pafupifupi 13, mu Juni umatsika kufika 11 ndi mphindi zochepa. Mitundu yambiri yochokera ku Ulaya inazolowera usana wa maola 15 kapena 16, choncho ikabwera kuno imafulumira kuchita maluwa idakali yaifupi. Masabata oti mbewuyi ikule thunthu ndi ochepa. Chimanga mukhoza kuchidzutsa ndi feteleza wobereketsa chikayamba mofooka, koma chamba chikataya masabata atatu oyambirira chikulimbana ndi dothi lolimba kapena lonyowa, sichibweza. Nthaka iyenera kukhala yokonzeka tsiku lobzala lisanafike.

Mbewuyi imafuna zinthu zitatu, ndipo ndi zimene tiziyezera njira iliyonse: dothi lofewa mpaka pansi kuti muzu wake waukulu ulowe, madzi olowa msanga osadikha, ndi pH (muyeso wa asidi m'dothi) ya pakati pa 6 ndi 7.

Nthaka zimene tili nazo

Katondo, dothi lofiira la kumtunda limene lafala m'madera ngati Mitundu, Chitedze ndi Nsaru, ndiye woyamba pa mndandanda. Ndi wakuya, amasunga chinyezi pakagwa ng'amba ya mu Januwale, komanso madzi amalowa bwino ngati sanagogomezeke. Vuto lake n'la mbiri ya mundawo. Katondo amene walimidwa chimanga zaka makumi awiri, mapesi akutenthedwa chaka ndi chaka, urea akuthiridwa yekha, amakhala ataguga ndipo asidi amakhala atachuluka. pH ikatsika pansi pa 5.5, aluminiyamu amene ali m'dothi amasungunuka n'kuyamba kupsereza nsonga za mizu, ndipo fosifolasi amene mwagula ndi ndalama zanu amagwidwa ndi chitsulo chimene chimafiiritsa dothilo, mbewu osamupeza. Munda umene kaufiti wakhazikikamo ukukuuzani kale kuti chonde chinatha.

Palinso china chimene sichioneka ndi maso. Khasu limalima masentimita 15 mpaka 20 okha, ndipo popeza mizere imangosunthidwa uku ndi uku, pansi pake pamapangika gawo lolimba ngati chiwundo cha m'nyumba. Pitani m'munda wa chimanga kapena wa fodya mukazule phesi limodzi bwinobwino. Mukapeza mizu yapita pansi pang'ono kenaka n'kukhota kuyenda cham'mbali, ngati yakumana ndi mwala, dziwani kuti gawo lolimbalo lilipo. Muzu wa chamba udzakhota pomwepo.

Nthaka ya mchenga, yotuwa, imene fodya amaikonda, ili pachiwiri. Madzi sadikha, kulima n'kosavuta, ndipo mbande siziola. Koma mchenga susunga kanthu. Mvula yamphamvu iwiri imatsitsa nayitirojeni kupitirira pamene mizu ingafike, ndipo dzuwa likawomba sabata imodzi masamba amayamba kulendewera. Choopsa kwambiri ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, timene alangizi amati manematodi, timene timatupitsa mizu ya fodya ndi tomato. Timakonda mchenga ndipo chamba nacho timachigwira. Munda umene munali fodya chaka chatha usalandire chamba chaka chino. Zulani chitsa cha fodya muone: mizu yokhala ndi timatuza ngati mikanda ndi chizindikiro chokwanira.

Makande a kudambo amakopa chifukwa n'ngakuda ndipo ndiwo zamasamba zimachita bwino kumeneko. Pa chamba cha nthawi ya dzinja, iwalani. Makande akanyowa amatupa n'kutseka mpweya wonse, ndipo mizu ya chamba ikakhala m'madzi masiku awiri kapena atatu imayamba kuola. Mbewu imafota dothi lili chinyowere, mlimi n'kumaganiza kuti yasowa feteleza. Malo a lowe aliwonse, ngakhale kumtunda, ali m'gulu lomweli. Dimba lingaganiziridwe m'chilimwe mokha, pa mabedi okwera kwambiri ndi mthirira woyezedwa, komabe nthawi imeneyo usana ndi waufupi moti mbewu imachita maluwa isanakule, pokhapokha muli ndi magetsi owonjezera kuwala.

Dothi la pachulu si munda koma ndi mankhwala a munda. Limakhala ndi dongo ndi kashiamu wambiri, choncho kulimwaza pa nthaka ya mchenga kumathandiza kusunga madzi ndi kuchepetsa asidi. Pa katondo wolemera kale musaliwonjezere, mungomumata.

Malo ena akanidwe ngakhale dothi likhale lokongola. Chamba chimayamwa zitsulo zapoizoni monga mtovu ndi kadimiyamu n'kuzisunga m'masamba ndi m'maluwa. Wogula chamba cha mankhwala amayeza zimenezi, ndipo akazipeza katundu yense amabwezedwa. Pewani malo oyandikana ndi kotayira zinyalala, magalaja, m'mbali mwa msewu waukulu, komanso madimba othiriridwa ndi madzi amene adutsa mumzinda. Matope a kusuweji musawagwiritse ntchito ngati manyowa.

Kuyeza musanagwire khasu

Mayeso awiri mungachite nokha. Loyamba, kumbani dzenje lakuya masentimita 30, lidzazeni madzi, muwasiye aphwe, kenaka mudzazenso. Ulendo wachiwiriwu ndiwo wowerengera. Madzi akamatsika masentimita 3 mpaka 5 pa ola, nthakayo ndi yabwino. Akatha m'mphindi zochepa, ndi mchenga wofuna manyowa ambiri. Mukawapeza m'mawa mwake ali chiimire, sakani malo ena. Lachiwiri, nyowetsani dothi lodzaza dzanja, mulikande, mulipote pakati pa zikhato ngati mukupota chingwe. Lokana kupoteka ndi mchenga. Lopoteka koma n'kuthyoka mukafuna kulipinda ndilo tikufuna. Lopindika mpaka kupanga mphete osathyoka ndi dongo lochuluka.

pH yokha siyezedwa ndi maso. Tengani dothi malo 15 kapena 20 m'mundamo, mukuyenda mokhotakhota, kuchokera pamwamba kufika masentimita 20, kupewa pachulu, pamene panatenthedwa zinyalala ndi pamene panali khola. Sakanizani mu ndowa yapulasitiki yoyera, muyanike pamthunzi, mutengepo theka la kilogalamu kupita nalo ku labotale ya nthaka monga ya ku Chitedze kapena ya ARET, bungwe lochita kafukufuku wa ulimi wa fodya. Chitani izi mukangokolola, mu Meyi kapena Juni, kuti zotsatira zikupezeni nthawi ilipo.

Ngati pH ili pakati pa 5 ndi 5.5, katondo amafuna laimu wa ulimi tani imodzi mpaka awiri pa hekitala, ndiye kuti magalamu 100 mpaka 200 pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi. Mchenga umafuna wochepa, pafupifupi theka lake. Sankhani laimu wa dolomaiti chifukwa amabweretsanso maginiziyamu, amene chamba chimamufuna kwambiri. Laimu sayenda yekha m'dothi ndipo sagwira ntchito pouma, choncho asakanizidwe ndi dothi polima, miyezi yosachepera iwiri kapena itatu musanabzale. Womwaza laimu pamwamba tsiku lobzala wathandiza mbewu ya chaka chamawa. Kupyoza muyeso nakonso kumapweteka: pH ikadutsa 7.5, mbewu imasowa zinki ndi chitsulo, masamba ansonga n'kuyera.

Njira zokonzera munda

Funso loyamba ndi lakuti mukulima chiyani. Chamba cha ulusi chimafesedwa mothinana, mizere yotalikirana masentimita 15 mpaka 20, kuti chikule chowongoka chopanda nthambi. Cha njere zoyengera mafuta chimapatsidwa mpata wokulirapo. Cha maluwa a mankhwala chimawokeredwa kuchokera ku nazale, mtengo uliwonse pawokha, motalikirana mita imodzi ndi theka kapena kucheperako pang'ono. Njira yoyenera chimodzi siyenera chinzake.

Mizere ya masiku onse, yotalikirana masentimita 75, ndi imene aliyense amaidziwa ndipo aganyu safuna kuphunzitsidwa. Ubwino wake ndi woti imakweza mizu pamwamba pa madzi mvula ikachuluka. Kuipa kwake ndi koti imasiya gawo lolimba lija chikhalire, ndiponso siyenera chamba cha ulusi chifukwa mpata umakula, zomera n'kuchita nthambi. Ingagwire ntchito pa chamba cha njere, bola musanaunde mzere muyambe mwaswa pansi pake ndi piki. Ngonyeka musamale nazo. Pa mchenga wotsetsereka zimathandiza kusunga madzi, koma pa katondo wolemera zimasandutsa khwawa lililonse kadziwe, ndipo mu Januwale muyenera kuzigumula.

Kulima ndi thirakitala n'kusalaza ndiyo njira ya minda ikuluikulu ya ulusi ndi njere. Njere ya chamba ndi yaing'ono, imabzalidwa masentimita 2 okha pansi, ndiye imafuna dothi losalala lopanda zibuma. Apa pali misampha iwiri. Pulawo ya madisiki ikamadutsa pa kuya komweko chaka chilichonse imapanga gawo lake lolimba, choncho pakufunika chitsulo chong'amba pansi, chofika masentimita 35 kapena 40, dothi lili louma. Msampha wachiwiri ndi kusalaza mopitirira mpaka dothi kukhala ngati ufa. Mvula yamkuntho ikagwa pa dothi lotere, dzuwa n'kuwomba, pamwamba pamauma chikhokho chimene mbewu yongomera singabowole. Siyani tizibuma tating'ono ngati mtedza.

Mabedi akuya, amene bungwe la Tiyeni lakhala likuphunzitsa alimi a chimanga, ndi njira imene tikuiona yoyenera kwambiri kwa gulu la alimi lokhala ndi ekala imodzi kapena awiri. Munda wonse umakumbidwa ndi piki kufika masentimita 30, gawo lolimba n'kusweka. Kenaka mumaunda mabedi a mita imodzi mulifupi, otsata akalozera kuti madzi asathamange, ndi tinjira pakati pake. Lamulo lake ndi limodzi: phazi lisapondenso pabedi. Mukalisunga, simudzakumbanso kwa zaka zingapo. Mizu imatsika mosavuta, madzi amalowa m'malo modikha, ndipo bedi limodzi lingalandire mizere isanu ya chamba cha ulusi kapena mzere umodzi wa cha maluwa. Mtengo wake ndi thukuta la chaka choyamba. Kukumba katondo mu Okutobala, atauma gwa, ndi ntchito yothyola msana ndi mipini. Kumbani mu Epulo kapena Meyi dothi lidakali ndi kachinyezi, koma lisakhale lonyowa moti likumata kukhasu.

Mayenje ndi amene ambiri amathamangira pa chamba cha maluwa, poganiza kuti ndi ntchito yochepa. Tiyeni tiwerenge. Dzenje la masentimita 50 mbali zonse limalowa malita 125, ndowa pafupifupi zisanu ndi imodzi za malita 20. Ziwiri mwa izo zikhale manyowa owola, zinayi dothi lapamwamba. Dothi lapansi, lofiira kwambiri lija, liikidwe padera lisabwerere. Mukatalikitsa mita imodzi ndi theka mbali zonse, hekitala imalowa mayenje 4,444, ndiye kuti ndowa za manyowa pafupifupi 8,900. Ndi makola angati angatulutse zimenezo? Pa mitengo mazana awiri kapena atatu njirayi ndi yabwino ndithu, ndipo pa mchenga imapambana zonse chifukwa manyowa onse amakhala pamene pali mizu. Pa dothi la dongo ndi yoopsa. Khasu limasalaza makoma a dzenje, madzi amvula amalowa mosavuta m'dothi lofewa la mkati koma osatuluka, dzenje n'kusanduka mphika. Mbewu imakula mokongola mu Disembala, n'kufa mu Febuluwale. Ngati mwasankha mayenje pa katondo, gobani makoma ndi pansi pake ndi piki, ndipo dzazani mpaka pakhale kachulu kokwera masentimita 15 pamwamba pa nthaka.

Matumba obzalamo ndi a munthu amene nthaka yake yalephera mayeso onse, kapena amene wogula wake akufuna kudziwa chilichonse chimene mizu yakhudza. Thumba la malita 40 mpaka 50, magawo awiri dothi lapamwamba, gawo limodzi kompositi, gawo limodzi mankhusu a mpunga kapena mchenga wa kumtsinje, mabowo ambiri pansi. Limafuna kuthirira tsiku lililonse, ndipo pulasitiki yakuda ikawombedwa ndi dzuwa la Okutobala imaphika mizu, choncho ikutidwe ndi udzu. Pa ulusi ndi njere njirayi ilibe phindu.

Chakudya cha m'nthaka

Chamba chimadya kwambiri, mofanana ndi chimanga cha haibulidi: nayitirojeni makilogalamu 80 mpaka 120 pa hekitala, komanso potaziyamu wambiri. Apa ndi pamene feteleza wathu wokulitsa chimanga, 23:10:5+6S+1.0Zn, amaperewera. Thumba la makilogalamu 50 lili ndi nayitirojeni makilogalamu 11.5 koma potashi (amene amapereka potaziyamu) makilogalamu 2.5 okha. D Compound wa fodya, 8:18:15, ali ndi nayitirojeni 4, fosifeti 9 ndi potashi 7.5 pa thumba, choncho ndiye woyenera pobzala. Matumba anayi a D Compound ndi atatu a urea pa hekitala amapereka nayitirojeni makilogalamu 85, fosifeti 36 ndi potashi 30. Ichi ndi poyambira chabe. Zotsatira za ku labotale ndizo zikuuzeni powonjezera kapena pochotsa. Feteleza asakhudze njere, akhale masentimita 5 pambali ndi pansi pang'ono, chifukwa mbewu ya chamba yongomera imapsa msanga. Urea athiridwe pakatha masabata atatu kapena anayi, ndipo pa mchenga agawidwe kawiri. Pa chamba cha maluwa, nayitirojeni asiyidwe maluwa akangoyamba, apo ayi mudzakolola masamba ambiri ndi maluwa olekana omwe amachita nkhungu mu mvula ya Malichi.

Feteleza yekha sangakonze dothi loguga. Manyowa ndi amene amalifewetsa ndi kulisungitsa madzi, matani 5 mpaka 10 pa hekitala, kapena kuti ndowa imodzi pa malo a mamita awiri mulifupi ndi asanu mulitali. Pakati pa manyowa, kompositi wowola bwino, kaya wa m'dzenje, wa chimato kapena wa changu, ndiye wopanda chiopsezo. Mumamudziwa ndi mphuno ndi dzanja: wakuda, wozizira, wonunkhira ngati dothi la m'nkhalango, ndipo simungazindikirenso kuti ili linali phesi kapena tsamba. Ndowe za ng'ombe ndi mbuzi ziunjikidwe miyezi itatu kaye, zikutembenuzidwa, kuti njere za udzu zife. Zitosi za nkhuku ndi zamphamvu kuposa zonse ndipo zikakhala zaziwisi zimatentha mizu. Za m'makola a nkhuku za nyama zimabweranso ndi utuchi umene umayamba walanda nayitirojeni m'dothi usanawole. Mapesi osawola mukawakwirira m'dzenje mwaitana chiswe, ndipo chikamaliza mapesi chidzatembenukira ku tsinde.

Manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono n'kuzitsekera m'thumba masiku 21, athandiza ambiri kutambasula thumba limodzi la feteleza. Pa chamba cha njere ndi ulusi angagwire ntchito. Koma mphamvu yake imasiyana thumba ndi thumba, ndipo phulusa likakumana ndi urea gawo lina la nayitirojeni limathawa ngati mpweya, fungo loboola m'mphuno lija mukamasula thumba. Pa chamba cha mankhwala, chimene wogula amafuna kaundula wa zonse zimene munathira, ndi bwino kuthira kompositi payekha ndi feteleza woyezedwa payekha. Phulusa lokha ndi labwino pa potaziyamu ndi kuchepetsa asidi, dzanja limodzi kapena awiri pa dzenje, bola likhale la nkhuni kapena zitsononkho, osati la pamoto wotenthera mapulasitiki.

Njira yotsika mtengo kuposa zonsezi ndi kasinthasintha. Munda umene munali mtedza kapena nandolo umasiya dothi lofewa ndi nayitirojeni pang'ono, ndipo mtedza sukondedwa ndi manematodi ambiri ovutitsa fodya. Kalongonda wolimidwa chaka chathunthu n'kukwiriridwa amadzutsa ngakhale katondo wotheratu. Chamba chisatsatire fodya, tomato kapena chamba chinzake.

Tikaika zonse pa sikelo, gulu la alimi la kuno lisankhe katondo wa kumtunda wotsetsereka pang'ono, pamene panali mtedza, liyeze dothi mu Meyi, likumbe mabedi akuya chinyezi chisanathe, lisakanize laimu pokumbapo, ndipo kompositi alowe mu Okutobala. Amene ali pa mchenga atsate mayenje ngati akulima maluwa ochepa, kapena mabedi okhala ndi manyowa owirikiza ndi dothi la pachulu ngati akulima njere. Kubzala kudikire mvula yokhazikika, imene yanyowetsa dothi kufika masentimita 20 kapena 30, kawirikawiri kumayambiriro kapena pakati pa Disembala. Kuphimbira ndi udzu kuyambe mbewu zikafika m'bondo, ndipo udzuwo utalikire tsinde masentimita 10 kuti chinyezi chisaliwoletse.